Ulendo wa ku Mulanje: Dandaulo la Chisankho cha Makhansala Limathera Pati?

Tinanyamuka pa boma la Thyolo m'mamawa, kudzera ku Luchenza, kukacheza ndi anzathu a ku Mulanje omwe amaphunzitsa mamonita, anthu oonerera chisankho m'malo mwa zipani ndi makandideti. Nkhani inali imodzi: munthu akaona zolakwika pa chisankho cha khansala, amakadandaula kwa yani, ndipo mphamvu za womva dandauloyo zimalekera pati?

Poyambira ndi pamalo oponyera voti. Monita alembe dandaulo pomwepo, atchule nthawi, malo ndi chimene waona, asaine, apereke kwa mkulu woyang'anira malowo, n'kusunga kope lake. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Monita amangokuwa, kapena kuimbira foni kandideti wake, kenako n'kusaina pepala la zotsatira chifukwa kwada ndipo njala yamupweteka. Mawa lake umboni palibe. Anzathuwo amauza monita aliyense kuti anyamule zolembera ziwiri, mapepala ndi tochi, popeza kuwerenga mavoti kumafika usiku.

Tinakhalitsa pa nkhani ya komiti ya zipani zosiyanasiyana, MPLC, yomwe wapampando wake ndi bwanamkubwa, ndipo mumakhala mafumu, apolisi ndi oimira zipani. Komitiyi imathandiza pa mikangano ya nthawi ya kampeni: zipani ziwiri kulimbirana bwalo la msonkhano, kung'ambirana mbendera, mfumu kukaniza chipani china m'mudzi mwake. Koma ntchito yake ndi kuyanjanitsa basi. Siyingalamule kuti mavoti awerengedwenso, siyingafafanize zotsatira. Amene amathera masiku pakhomo pa bwanamkubwa kudikira zimenezo akungotaya nthawi.

Mphamvu yogamula madandaulo ili ndi bungwe loyendetsa zisankho la MEC, malinga ndi gawo 76 la malamulo oyendetsera dziko, ndipo wosakhutira amapita ku Khothi Lalikulu. Kwa ife kuno ndiye kuti ulendo wa ku Blantyre, loya ndi ndalama, pomwe masiku okasuma zotsatira zikalengezedwa ndi owerengeka. Kandideti woima payekha wa ku Muloza kapena ku Thekerani sangazikwanitse mwachangu chotere. Wina anatikumbutsa kuti chigamulo cha khothi cha pa 3 February 2020 chinafafaniza chisankho cha pulezidenti chokha. Makhansala osankhidwa pa 21 May 2019 anakhalabe pa mipando yawo, ngakhale mavoti onse anaponyedwa tsiku limodzi, pamalo amodzi. Khothi limagamula zimene lasumiridwa.

Pali madandaulo ena amene anthu amapita nawo pakhomo lolakwika. Kugawa ndalama kapena katundu pofuna mavoti n'koletsedwa ndi lamulo la zipani za ndale la 2018, ndipo nkhani yake imapita kwa mlembi wa zipani za ndale. Kumenyana ndi kuwononga katundu ndi nkhani ya apolisi.

Tisanakwere minibasi pa Chitakale tinagwirizana kuti anzathuwo atitumizire chitsanzo cha kalata ya dandaulo ya m'Chichewa, tikaigwiritse ntchito pophunzitsa mamonita a ku Bvumbwe ndi ku Thekerani.