Kulondola ndalama zodulidwa pa nambala za 09 ndi 118 ku Britain

Bilu ya foni ikabwera yonenepa mosadziwika bwino, sindithamangira kukangana ndi kampani. Ndimatsegula kaye bilu yatsatanetsatane, yosonyeza nambala iliyonse, tsiku ndi mphindi zake. M'menemo ndimasaka nambala zokwera mtengo zoyamba ndi 09, 118 (zofunsira nambala za foni) ndi 087, komanso mauthenga olipiritsa ochokera ku tinambala tatifupi.

Mtengo wa foni zotere uli pawiri. Access charge ndi ya kampani yanu ya foni, pa mphindi iliyonse; service charge ndi ya mwini nambala. Kuchokera mu July 2015, malamulo a Ofcom, bungwe loyang'anira za mafoni ku Britain, amati wotsatsa nambala alembe service charge yake poyera. Pa 118 palinso malire kuyambira mu April 2019: £3.65 pa masekondi 90. Choncho ndimayang'ana ngati mtengo unalembedwa pamene nambalayo inapezeka, ndipo ndimajambula tsambalo lisanasinthidwe. Mlandu wonse umadalira chithunzi chimenechi.

Ambiri amakodwa posaka nambala ya HMRC (ofesi ya misonkho) kapena DVLA (ofesi ya ziphaso za madalaivala ndi magalimoto) pa Google. Amadina malonda a pamwamba, n'kuimba 09 imene ntchito yake n'kungowalumikiza ku ofesi yeniyeniyo, ndalama zikuwerengedwa nthawi yonse ali pamzere kumvera kanyimbo. Chonsecho nambala zenizeni zili pa GOV.UK, webusaiti ya boma, zambiri zimayamba ndi 0300, ndipo mtengo wake ndi wofanana ndi wa foni wamba ya 01 kapena 02.

Zikakhala za mauthenga odula ndalama sabata ndi sabata, ndimayankha STOP ku kanambala komweko. Kubuloka sikuthandiza: uthenga simuuona, koma ndalama zikupitabe. Osafufutanso mauthengawo.

Ndikatero ndimafunsa kampani ya foni dzina la eni nambalayo, n'kuwalembera imelo, osati kuimba. Ndimatchula tsiku, nambala, ndalama zake, ndipo ndimawauza kuti andionetse umboni woti ndinavomera. Pamenepa ena amabweza msangamsanga, ena amangoti zii.

Akakhala chete ndimadandaula ku Ofcom. Malangizo akale amatchula Phone-paid Services Authority, koma ntchito yake inapita ku Ofcom pa 1 February 2025. Musayembekezere kuti Ofcom ikakutolerani ndalama zanu. Madandaulo amaithandiza kuona kampani yoyenera kufufuzidwa ndi kulipitsidwa chindapusa. Ngati mkangano uli ndi kampani ya foni yeniyeniyo, ndimapempha deadlock letter, kalata yotsimikiza kuti talephera kumvana, n'kupita nayo ku Communications Ombudsman kapena CISAS, mabungwe othetsa mikangano yotere, malinga ndi kumene kampaniyo inalembetsa.

Ndisanadule foni ndi kampaniyo ndimawauza atseke nambala za 09 ndi kugula zinthu kudzera pa bilu. Izi n'zinthu ziwiri zosiyana, ndiye ndimazitchula padera, maka pa layini imene ana amaseweretsa.