Masuku a agogo ndi malo a mlongo wanga ku Bembeke

Tcheni cha njinga yamoto chinaduka titangodutsa Bembeke, mvula ikuwaza, nkhungu itakuta phiri lonse. Wakabaza anali atandilipiritsa kale K6,000, ndipo za kubweza ina sanafune n'kumva komwe. Mukamakwera njinga kumeneku muzilipira mukafika, komanso musasiye jekete ngakhale mu Disembala. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mphepo yake simasewera.

Ndinkapita kukaona malo amene mlongo wanga akufuna kudzalapo mitengo. Ndili chiimire pamsewu, mayi wina wachikulire anandikodola ali pakhonde. "Bwerani muuse mvula, mwana wanga, mudwala." Anandiyalira mphasa, kenaka anatulutsa lichero la masuku. Anali akupsa bwino, khungu lofiirira, ukangofinya pang'ono madzi ake achikasu n'kutuluka. Nthangala ndinkaponya pabwalo, koma agogowo ankazitola n'kuziika m'kachitini ka madzi.

Nditawafunsa, anati amafesa. Anandilondolera kuseri kwa khola komwe kunali timachubu tambande, tina m'mapaketi a shuga. "Nthangala ya msuku siigonekedwa. Mukadya lero, mufese sabata yomweyino. Ikauma yafa. Ndipo dothi mukatape pansi pa msuku waukulu, osati la kudimba." Zimenezi alangizi a zankhalango amanenanso: mizu ya msuku imadalira timizu ta bowa tokhala m'dothi la m'nkhalango, n'chifukwa chake mbande yoikidwa m'dothi lachilendo imangonyentchera. Anawonjeza kuti misuku ilipo yaimuna ndi yaikazi, ndipo sungaisiyanitse ikadali yaing'ono, choncho udzale yambiri pamodzi.

Ndinawauza kuti mlongo wanga akuganiza za bulugamu ndi paini. Sanatsutse, anangoloza kutsidya kumene kunali kamsitu kobiriwira pakati pa minda yambatatesi. "Kumanda uko. Mukafuna kudziwa mitengo ya dothi lino, yang'anani kumeneko, poti nkhwangwa siifikako." Ndinakuyang'ana ndili patali, pakuti kumanda sulowako wopanda chilolezo cha amfumu.

Agogowo ndalama anakana. Tcheni chitalumikizidwa anandipatsira masuku ena m'jumbo.

Apa ndidandauleko. Manazale amene ndinaona m'mbali mwa msewu wa M1 anali a bulugamu ndi paini basi, ndipo mbande inali K300 imodzi. Ukafunsa msuku kapena muula amakuyang'ana modabwa. Paini sindikumunyoza, Dedza amadziwika ndi matabwa, ndipo phiri la Dedza ndi nkhalango ya Chongoni zadyetsa mabanja ambiri. Koma bulugamu wodzalidwa pafupi ndi kasupe amamwa madzi koopsa, ndipo pansi pake chimanga sichichita bwino. Zimandiwawa kuti m'boma la Dedza, lomwe lili ndi koleji ya zankhalango, mbande ya mtengo wa makolo uchite kuipeza kuseri kwa khola la nkhalamba.

Malo a mlongo wanga ndi otsetsereka, ndipo dothi lake si limodzi. Kumtunda ndi lansangalabwi, losaya, khasu limalira ukalima. Kumeneko tinapeza zitsa za misuku, mombo ndi muula zikuphukira zokha. Zimenezo sitizula. Chitsa chili ndi mizu yakale yozama, ndiye mphukira yake imakula msanga kuposa mbande ya m'chubu. Ntchito yake n'kusiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, kudulira zinazo, n'kulambula udzu kuti moto usafike.

Pakati pali katondo wofiira, pomwe azilima. M'malire tidzazika nthambi za kachere, zimene zimagwira zokha ukazika mvula itayamba. Kumunsi kuli kamtsinje ndi dothi lakuda losunga chinyezi, malo a katope, mkuyu ndi mbawa. Mbawa imafuna madzi, ukaiika pansangalabwi paja ungotaya ndalama. Kumunsi komweko ndi kumene kumagwa chisanu mu Juni ndi Julayi, choncho mbande zazing'ono zidzafunika kuzifunditsa udzu.

Mlamu wanga ankalakalaka mlambe ndi bwemba poti anakulira ku Golomoti. Imeneyo ndi mitengo ya kuchigwa kotentha. Ukatsika phiri kulowera ku Mua umaiona yokha ikuyamba, ndipo kumtunda kuno singasangalale.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, koma musadikire kumapeto. Mbande yodzalidwa mu Malichi imakumana ndi chilimwe mizu isanazame. Chimene chikutidetsa nkhawa tsopano ndi mbuzi, poti anthu akakolola amazimasula, ndipo mtengo uliwonse udzafunika kampanda kakekake ka minga kapena nsungwi.