Sabata ya masayidibodi ku Glasgow

Ndimagwira ntchito yokonza mipando yakale pa wekishopu ina ku Glasgow, ku Scotland, ndipo katundu amene amabwera kawirikawiri ndi masayidibodi. Agogo akamwalira kapena akasamukira kunyumba yosamalirako okalamba, ana amalimbirana mawotchi ndi zithunzi, koma kabati yaitali ya m'chipinda chodyera imasowa woitenga chifukwa nyumba za masiku ano n'zothina. Ndiye imathera kwa ife.

Lolemba anatitsitsira ya McIntosh, yotalika pafupifupi mamita 2, ya miyendo yowonda. Kampani ya A.H. McIntosh inayamba mu 1869 ku Kirkcaldy, ndipo m'zaka za m'ma 1960 inatchuka ndi masayidibodi otsika a mtengo wa teak, otengera kapangidwe ka ku Denmark. Ambiri anawajambula Tom Robertson, ndipo ankawapatsa mayina a malo a kuno ku Scotland, monga Dunvegan. Iyi inali yolimba bwinobwino, zitseko zikutseka popanda kukakamiza. Vuto linali pamwamba: mzere wakuda wozungulira pomwe pankakhala mphika wa maluwa, ndi vanishi wosuluka mbali yomwe inkayang'ana kuwindo.

Mnyamata amene tikumuphunzitsa ntchito anali atalumikiza kale makina opalira. Ndinamugwira mkono. Anthu ambiri akaona sayidibodi yotere amayesa thabwa lonse ndi teak, pomwe teak yake ndi kachikopa chabe, veniya wosakwana n'komwe milimita imodzi, womatidwa pa bolodi. Makina akangodya pang'ono pangodya, bolodi la pansi limatulukira, ndipo palibe mankhwala obwezeretsa. Ndaonapo masayidibodi ambiri ophedwa chotere ndi anthu a mtima wabwino, kenako n'kuwapaka penti yotuwa kuti abise chilondacho. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa mtengo umenewo unachokera kutali, nkhalango za ku Asia, ndipo wakhala zaka 60 osaonongeka.

Choncho tinachotsa vanishi ndi mankhwala, pang'onopang'ono, tikupala ndi kachitsulo kosathwa motsata mizere ya mtengo. Kuda kuja sikukhala litsiro ayi. Madzi okhala ndi dzimbiri akalowa m'thabwa amakumana ndi mankhwala achilengedwe a mumtengo otchedwa tannin n'kusanduka inki. Mankhwala ake ndi oxalic acid wosungunula m'madzi ofunda, ndipo umayenera kupaka pamwamba ponse, osati pabanga pokha, apo ayi pamatsala chigamba choyera. Tinapaka madzulo, m'mawa Lachiwiri mzere unali utazilala, titabwereza unatheratu. Tinatsuka, n'kusiya kuti iume, kenako sandipepa wosalala kwambiri wa pamanja, kungosisita. Mafuta oyamba atalowa, mtundu wa uchi uja unabwerera. Zipsera zing'onozing'ono za m'mbali mwa dirowa ya masupuni sindinazikhudze. Ndi za manja a banja lomwe linkadyera pamenepo, ndipo sayidibodi ya zaka zimenezi siyenera kuoneka ngati yatuluka m'fakitale dzulo.

Tsiku lovuta linali Lachitatu. Bambo wina wachikulire anabweretsa sayidibodi ya mahogany ya miyendo isanu ndi umodzi, yokhota kutsogolo, ndi kampanda ka mkuwa kumbuyo. Pakampandako kale ankapachikapo nsalu kuti msuzi usamathimbirire khoma pogawa nyama. Dirowa yakumanja inali yakuya, yogawidwa zipinda zoikamo mabotolo a vinyo. Kapangidwe kameneka n'ka nthawi ya Hepplewhite ndi Sheraton, akatswiri ojambula mipando a ku England, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo bambowo anakula akuuzidwa kuti ndi ya nthawi imeneyo. Ankafuna tiikonze kuti akaigulitse pa okushoni.

Ndinatulutsa madirowa onse n'kuitembenuza. Msinkhu wa mpando suoneka kumaso, umaoneka kumsana. Matabwa akumbuyo anali ndi mizere yokhota ya sowo yozungulira ya makina. Mano olumikizira ngodya za madirowa anali ofanana ndendende, pomwe odula pamanja amasiyana pang'ono ndipo pamatsala kamzere komwe mmisiri analemba ndi mpeni. Ndinamasula sikuluwu imodzi pa loko: yosongoka, mizere yake yolingana, ya makina. Masikuluwu a m'ma 1790 amakhala obuntha kunsonga. Zonse zinkaloza cha m'ma 1900, nthawi yomwe mafakitale a ku Britain ankapanganso masitayelo akale ambirimbiri.

Ndinawaitana kuti adzaone okha. "Bambo, mpando wanu ndi wabwino ndipo wapitirira zaka 100, koma si wa nthawi imene munauzidwa. Mtengo wake pa okushoni ukhala wotsika kuposa umene mukuyembekezera." Anakhala chete akusisita thabwa lakumbuyo lija, kenako anati mayi awo ankabisa masiwiti m'dirowa ya mabotolo, ndipo mwina angoisunga. Tinagwirizana zomata veniya amene anatukuka ndi guluu wa zikopa, yemwe amasungunuka ndi kutentha moti wodzakonza m'tsogolo sadzavutika, ndi kutsitsimutsa polishi wa shellac osamuchotsa. Mwendo wina wakumbuyo unali ndi timabowo ta tizilombo tofumbwitsa matabwa. Ndinayala pepala lakuda pansi pake n'kugogoda. Sipanagwe ufa watsopano, ndipo m'kati mwa timabowomo munali mwakuda, kusonyeza kuti tizilomboto tinachoka kalekale.

Lachinayi linapita ndi mapepala. Abwana anagula sayidibodi ya ku Denmark ya m'ma 1960 ya Brazilian rosewood. Mtengo umenewu unaikidwa pa mndandanda woyamba wa CITES, pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera kuti zisathe ndi malonda, mu 1992, ndipo kuno sungagulitse chinthu chopangidwa nawo kuyambira pa 3 Marichi 1947 popanda satifiketi yochokera ku nthambi ya boma ya Animal and Plant Health Agency. Ndinajambula zithunzi, kuyeza, kudzaza fomu. Amalonda ena amadandaula ndi lamuloli. Ine sindidandaula, chifukwa ndinaphunzira ukalipentala kwathu ku Malawi, ku Blantyre, ndipo ndinaona ndi maso momwe matabwa otambalala a mlombwa ndi mbawa anayambira kusowa pamsika.

Ya McIntosh ija inapeza mwini Lachisanu. Anali mayi wina wa kwathu, namwino, amene anaiona pa Facebook. Atalowa n'kumva kalankhulidwe kanga anafunsa kwathu, basi Chingerezi chinathera pomwepo. Anatsegula zitseko zonse, kununkhiza m'kati, n'kunena kuti, "Achimwene, mbale za alendo zapeza pokhala. Kwathu ku Mzimba amayi anali ndi kabati yomwe ana sitinkaloledwa kuigwira." Anafunsa ngati angaikepo poto wotentha. Ndinawauza kuti ayi, Mayi, pakhale kotsamira nthawi zonse, mphika wa maluwa ukhale pa mbale, ndipo isayandikire rediyeta chifukwa kutentha kouma kumatukula veniya. Kupukuta ndi kansalu konyowa pang'ono n'kokwanira, mafuta kamodzi pachaka, osati mankhwala opopera aja.

Amakhala m'nyumba zosanja zakale za ku Glasgow, zopanda chikepe, masitepe ake amwala okhotakhota. Tinachotsa madirowa ndi mashelefu, kumanga zitseko ndi lamba, kuikuta mabulangete, n'kuikweza choimika, wina pansi wina pamwamba, tikupumira pokhota paliponse. Pansi pa chipinda chodyera panali popendekeka, moti chitseko chapakati chinayamba kukhula. Ndinadula kachidutswa ka veniya n'kukalowetsa pansi pa mwendo wakumanzere wakutsogolo, chitseko n'kuyamba kutseka bwino. Satifiketi ya rosewood ija tikuidikirabe, ndipo ya mahogany ikhala m'makilampu mpaka Lolemba.