Mifule yanga iwiri, sabata ya 9: za timibulu ta kukhutu tija

Loweruka ndinapitanso kumudzi kukayeza ng'ombe zija. Kwa amene mwangoyamba kumene kuwerenga, ndili ndi mifule iwiri m'khola kwa amayi cha ku Mitundu, yakuda bii ija timaitchula Makala, yamawangayo ndi Chitenje, ndikuzinenepetsa m'khola osapita nazo kudambo. Sikelo ndilibe, ndimazungulitsa tepi pachifuwa kuseri kwa miyendo yakutsogolo basi, imakuuza makilo mongoyerekeza. Makala wachoka pa 205 wafika 238. Chitenje anayambira pa 204 pano ali pa 218. Eeh, khola limodzi, madeya amodzimodzi.

Ndiye usiku nditatumiza manambala amenewa kwa msuweni wanga ali ku Joni uja, amagwira ntchito pa famu yonenepetsa ng'ombe zikwizikwi, anangoseka nkuti asuweni inu mukuweta ngati agogo, kuno ng'ombe ikangotsika mu lole timaibaya kukhutu. Kenako kavidiyo pa WhatsApp. Ng'ombe ikulowa mu chitsulo chija chopana khosi, wina wagwira khutu, wapukuta, watenga kamfuti kokhala ndi singano yonenepa ngati chubu cha bolopeni, walowetsa pansi pa khungu kuseri kwa khutu, pakatikati penipeni, kwee, watulutsa nkusisita ndi chala kuti amve ngati timibulu takhala. Mphindi sinakwane ina yalowa kale. Ndinaonera kanayi.

Timibulu timeneti ndi ma homoni, mankhwala ofulumizitsa kukula kwa thupi, timasungunuka pang'onopang'ono kwa miyezi itatu kapena inayi, ndipo amasankha khutu dala poti pophera makutu amataya, salowa mu nyama yogulitsa. Pamenepo ndinaseka ndekha, kwathu kuno khutu la ng'ombe atataye ndani? Mutu wonse umapita mumphika, pa bawa amaugula ngati mang'ina omwe.

Mayina omwe iye amatchula ndi Ralgro ndi Revalor. Ralgro muli zeranol, ndipo chomwe chinandidabwitsa nchoti gwero lake ndi poizoni wa chuku china chotchedwa Fusarium, chomwe chimagwira chimanga. Revalor muli trenbolone ndi estradiol, trenbolone yo ndi yomwe ija anyamata ena onyamula zitsulo amadzibaya mobisa kuti atupe minofu. Ku America ndi ku South Africa nzololedwa, ndipo ng'ombe yobayidwa imakula mofulumirapo ndi 10 mpaka 20 peresenti, bola ikudya bwino. Koma mayiko a European Union anatseka chitseko mu 1989, nyama ya ma homoni salandira, mpaka anakokanakokana ndi America ku WTO, bungwe loona za malonda apakati pa mayiko, zaka zambirimbiri. Nchifukwa chake Botswana ndi Namibia, omwe amagulitsa nyama ku Ulaya, analetsa zimenezi kwawo. Komanso thazi lomwe ukufuna lidzabereke kapena nkhunzi yambeu sumayika timibuluti, umaononga.

Sindinama, mtima unapita. Ndinatsala pang'ono kumuuza kuti akamatumiza katundu pa basi aponyemo paketi imodzi. Koma mmawa Lamulungu ndili pa chitsa ndi tiyi wanga ndinatenga foni nkuwerengera. Makala akuwonjeza pafupifupi theka la kilo patsiku, 20 peresenti yake ndi magalamu 100, chabwino, si zochepa kwenikweni. Koma Chitenje, amene akundisowetsa tulo, akuwonjeza magalamu ngati 220 okha, ndiye ngakhale nditamubaya apindula ma 40 galamu, nyama yosakwana nkanyenya ka pa chiwaya. Vuto lake si khutu ayi.

Ndinangokhala pomwepo kudikira nthawi yodyetsa. Mnyamata wosamalira ng'ombezi wathira madeya mu chodyera chija tinadula mgolo, Makala wafika ngati mwini mudzi, kugunda mnzake ndi nyanga m'nthiti, Chitenje wabwerera pakona maso ali pansi, akudikira. Pomwe Makala amachoka nkuti mwatsala fumbi lokha ndi mchere pang'ono. Masabata 9 onsewa ndakhala ndikugula madeya a ng'ombe imodzi ine osadziwa! Mnyamatayo akuti amaona koma amayesa ndi mmene ng'ombe zimakhalira. Sindinamukalipire, nanga mgolo umodzi anaika ndani, si ine ndemwe.

Nditalowa mosungira zakudya ndinapezanso zina. Matumba awiri apansi anakhalira pa simenti, madeya agwirana zibuma, fungo la chuku kuti guu. Ndinangoti ha, msuweni akundiuza za mankhwala ochokera ku chuku, ine chukucho ndili nacho kale chaulere. Amayi amafuna apatse nkhumba za aneba, ndinakana, tinakwirira kudzala.

Zomwe tachita sabata ino: mgolo wachiwiri tadula, tauika mbali ina, pakati tamanga mitengo itatu kuti Makala asadutse. Matumba takweza pa mathabwa. Alangizi a ziweto anabwera Lolemba nditachoka kale, amayi akuti anaona ndowe ndi ubweya wa Chitenje womwe waima ngati burashi, nkumwetsa zonse ziwiri albendazole wa njoka zam'mimba, anapoperanso za nkhupakupa. Ndinawaimbira nkuwafunsako za timibuluto, anangoti achimwene yambani mwakhutitsa ng'ombe kaye, ndipo musamalandire mankhwala obwera mchikwama opanda dokotala wa ziweto.

Chomwe chikundidetsa nkhawa pano ndi masangwe a mtedza, atsala mitolo yowerengeka ndipo anthu ayamba kuumira, nsenjere ya kudimba nayo yafupika ndi dzuwali. Lukina alipo kumpanda koma ndimangopatsa pang'ono. Ndiyezanso pakatha masabata awiri, tepi ndaisiya kwa amayi pa msomali kuseri kwa chitseko kuti ndisadzaiwalenso mtauni ngati ulendo uja.