Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Kapepala ka kunsi kwa kiyibodi

Chaka changa chachiwiri ku Kasungu, pa bungwe lina la alimi a fodya komwe ndinali wa IT, woyang'anira makompyuta, chinathera pa nkhani ya makiyi olowera mu database, nkhokwe ya pakompyuta yosungiramo zolemba za bungwe. Maina a alimi, ngongole za feteleza, mabelo amene aliyense wabweretsa, zonse zinali mu MySQL, pulogalamu yoyendetsa database, ndipo tonse tinkalowa ndi akaunti imodzi ya root, yomwe ili ndi mphamvu zochita chilichonse. Pasiwedi yake inali pa kapepala komata kunsi kwa kiyibodi. Ngakhale mnyamata wophika tiyi ankaidziwa.

Msika wa fodya ukamayandikira mu Epulo tinkalemba makalaliki aganyu, ena a ku Santhe, ena a ku Chamama. Msika ukatsekedwa ankabwerera kwawo pasiwedi ili m'mutu. Tsiku lina ngongole za kalabu yathunthu zinasowa. Wafufuta ndani? Root. Nanga root ndani? Tonsefe.

Ndinakhala masabata awiri ndikulemba script, kapulogalamu kakang'ono m'chilankhulo cha makompyuta cha Python, kuti aliyense azilowa ndi akaunti yakeyake. Inkawerenga fayilo ya CSV, ya mndandanda wa antchito, yomwe mayi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito ankasunga: dzina, udindo, tsiku lotha kontirakiti. Mwayi wake tinali titasamukira ku MySQL 8.0, yomwe ili ndi ma role, magulu a mphamvu ogawa malinga ndi udindo, ndiye sindinkagawanso mphamvu kwa munthu mmodzimmodzi. Kalaliki ankalandira SELECT ndi INSERT basi, aone ndi kulemba. A zachuma ndinawaonjezera UPDATE, mphamvu yosintha zolembedwa kale. DELETE, mphamvu yofufuta, sindinapatse aliyense, ndipo mpaka lero sindidandaula. Cron, pulogalamu yoyambitsa ntchito pa nthawi yoikika, inkadzutsa script ija 7 koloko m'mawa, chifukwa usiku magetsi sankadalirika. Amene tsiku lake ladutsa, ACCOUNT LOCK, lamulo lotseka akaunti, chitseko chatsekeka chokha.

Lolemba loyamba ndinangomva kuitana kuchokera mu ofesi yaikulu.

"A IT, mwandichotsa ntchito kodi?"

"Ayi bwana, zingatheke bwanji?"

Zinathekadi. Iwo anali a pamwezi, mpata wa tsiku lotha kontirakiti unali wopanda kanthu, ndipo script yanga inaona ngati nthawi yawo inatha kalekale. Mzere umodzi wokha umene ndinaiwala! Ndinaukonza thukuta lili kamukamu, iwo ataima kumbuyo kwanga ndi kapu ya tiyi.

Nditamaliza anati, "Ingondibwezerani ijayi ya pa kapepala."

Ndinawapatsa SELECT pa matebulo onse a mu database, ndikuwauza kuti tsopano palibe chimene chingawabisike. Anagwedeza mutu, osakhutira kwenikweni. Madzulo ndinawapeza akutembenuza kiyibodi, kufunafuna.