Mulunguzi, mtsinje wa kwathu ku Zomba

Mulunguzi si mtsinje waukulu, koma ife a ku Zomba timamwa madzi ake. Umayambira pamwamba pa phiri la Zomba, n'kugwa pa mathithi a Williams, kenako n'kulowa m'damu la Mulunguzi lomwe limadyetsa mipope ya mumzinda. Mu June madzi ake amazizira moti phazi sulisiyamo nthawi yaitali.

Zomba linali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo nyumba zakale za boma zikadalipo m'munsi mwa phirili. Ukatsika, mtsinjewu umathira mu Likangala, wopita ku nyanja ya Chilwa, yopanda potulukira, imene inauma mu 1995.

Chimandiwawa n'chakuti mitengo ikutha m'phirimo chifukwa cha makala ndi moto wolusa. Mvula ikagwa, madzi amatsika ofiira ndi dothi.