Kuzungulira Msewu Kokha Sikuyeserera: Mmene Liwiro Limabwerera mu Sim Racing

Aliyense amene wayamba mpikisano wa magalimoto pa kompyuta amaona nthawi yake ikutsika msanga masabata oyambirira. Kenako imangoima. Munthu amakhala pa chiwongolero maola awiri usiku uliwonse, ma lap (maulendo ozungulira msewu wonse) akuchuluka, koma nambala ya pa sikirini ndi yomweyo. Chifukwa chake n'chakuti miyendo ndi manja zimaloweza chilichonse chimene mukubwereza, chabwino ndi choipa chomwe. Ngati mumaponda mabuleki molakwika pa kona yachitatu, ma lap 200 amangokhwimitsa cholakwacho. Kuyeserera kumayamba pamene mwasankha chinthu chimodzi choti musinthe, mwachisintha, ndipo mwayeza ngati chathandiza.

Choyamba ndi kuchepetsa zinthu zosinthasintha. Sankhani galimoto imodzi ndi msewu umodzi, mukhale nazo sabata yathunthu. Galimoto ikhale yopanda mphamvu zambiri, monga Mazda MX-5 imene ongoyamba kumene amayendetsa mu masewera a iRacing. Galimoto yotere siibisa cholakwa: mukataya liwiro pakati pa kona, injini ilibe mphamvu yobwezera msanga zimene mwatayazo, ndipo mumazimva mpaka kumapeto kwa msewu wowongoka. Msewu nawo ukhale waufupi. Brands Hatch Indy ndi wa makilomita 1.9, lap yake siifika mphindi imodzi, choncho m'mphindi 30 kona iliyonse mwaiona kopitirira ka 30. Nordschleife ya ku Nürburgring ndi ya makilomita 20.8, ndipo m'nthawi yomweyo kona iliyonse mwaiona katatu kapena kanayi basi. Ndi msewu wokoma kwambiri, koma si wophunzirirapo mwendo wa mabuleki.

Zipangizo muzikonze kamodzi, kenako muzisiye. Kukula kwa malo amene mukuona pa sikirini, komwe kumatchedwa FOV, kuwerengedwe kuchokera pa kukula kwa sikirini ndi mtunda wochokera pamaso panu. Mukaikulitsa mopitirira muyeso, makona amaoneka ngati ali patali ndipo mumachedwa kuponda mabuleki. Mphamvu imene chiwongolero chimakankhira nayo manja anu isafike pamapeto pake m'kona iliyonse. Ikafika pamenepo, chiwongolero chimangolemera mofanana ndipo uthenga woti matayala akutsogolo ayamba kuterereka sukufikaninso m'manja. Masewera ambiri ali ndi kamzere kosonyeza zimenezi. Kakamafiira kawirikawiri, tsitsani mphamvuyo. Mpando ndi mapedulo zisasunthe. Mpando wa mawilo umene umabwerera m'mbuyo mukaponda mabuleki umasintha mphamvu ya mwendo wanu pa lap iliyonse, ndipo palibe chimene mungaloweze pamenepo.

Tsopano mabuleki, pakuti nthawi yambiri imabisala kumeneko.

Pa liwiro la makilomita 250 pa ola, galimoto imayenda mamita 69 pa sekondi imodzi. Kuchedwa ndi 0.1 ya sekondi ndiye kuti mwadutsa mamita pafupifupi 7. N'chifukwa chake kuponda mabuleki mongoyerekeza kuti "pano ndiye pabwino" sikuthandiza. Pamafunika chizindikiro chosasuntha: bolodi yosonyeza kuti kwatsala mamita 150 kapena 100 kufika pa kona, poyambira kerb (mzere wopakidwa utoto m'mphepete mwa msewu), pothera mpanda, mlatho wodutsa pamwamba. Mthunzi wa mtengo si chizindikiro, chifukwa umasuntha dzuwa likasuntha. Galimoto ya mnzanu nayonso si chizindikiro. Pa kona yoyamba ya msewu wa Monza ku Italy, mwachitsanzo, magalimoto amphamvu a mpikisano a gulu la GT3 amaponda mabuleki chapafupi ndi bolodi ya 150. Yambirani patali, pamene mukudziwa kuti mukhota bwinobwino, ndipo muziyandikira ndi mamita asanu okha pakatha ma lap atatu aliwonse. Lap imene mwaphonya apex, malo aja amene galimoto imayandikira kwambiri m'mphepete mwa mkati mwa kona, bwererani sitepe imodzi m'mbuyo. Pamenepo ndiye panu pa lero.

Koma poyambira kuponda si nkhani yaikulu ngati mmene ambiri amaganizira. Nkhani yaikulu ndi kachotsedwe ka mwendo. Tayala lili ndi mphamvu yogwira msewu yowerengeka, ndipo mphamvuyo imagawidwa pakati pa kuimitsa ndi kukhota. Mukaigwiritsa yonse poimitsa, yokhotera palibe. Choncho mumaponda mwamphamvu ndiponso mwachangu galimoto ikadali yowongoka, kenako mumachotsa mwendo pang'onopang'ono pamene manja akuyamba kutembenuza chiwongolero, mpaka mabuleki athere chapafupi ndi apex. Ichi ndi chimene amachitcha trail braking. Chimagwira ntchito chifukwa mabuleki amakankhira kulemera kwa galimoto kutsogolo, matayala akutsogolo n'kukanikizidwa pansi, n'kugwira bwino. Mukachotsa mwendo kamodzin'kamodzi, kutsogolo kumadzuka, matayala amapepuka, galimoto imakana kukhota n'kumapita kunja kwa kona. Woyendetsa amawonjezera chiwongolero, matayala amalira n'kutentha, ndipo moto amaupereka mochedwa. Mukakhalitsanso pa mabuleki ndi mphamvu yambiri, kumbuyo kumapepuka kwambiri ndipo galimoto imazungulira. Zolakwa ziwirizi zimachokera pa mwendo umodzi womwewo, ngakhale zimaoneka ngati mavuto a galimoto.

Njira yoyeserera izi ndi yosavuta kunena. Ikani pa sikirini kamzere kosonyeza mapedulo. Pa msewu wowongoka, pondani mabuleki mpaka 80 peresenti osayang'ana, kenako yang'anani muone pamene mwafika. Chitani chimodzimodzi ndi 50 ndi 20. Mukatha, yesani kutsika kuchokera pa 80 kufika pa 0 m'masekondi awiri popanda kudumpha. Mphindi zisanu za zimenezi tsiku lililonse musanayambe kuthamanga n'zokwanira. Gawo lovuta ndi la 20 peresenti yomaliza, ndipo ndi gawo lomwelo limene limakhotetsa galimoto. Pano ndi pamene mapedulo a load cell amathandiza, chifukwa amayeza mphamvu imene mwaponda nayo osati mtunda umene pedulo yayenda, ndipo mwendo umakumbukira mphamvu bwino kuposa mtunda. Ngati pali chipangizo chimodzi choyenera kugula musanagule china chilichonse, ndi chimenechi, osati chiwongolero. Komabe amene ali ndi mapedulo wamba, ngati a Logitech G29, angathe kuphunzira bwino lomwe. Chimene sayenera kuchita ndi kusintha makonzedwe ake tsiku ndi tsiku.

Si makona onse amene ali ofanana phindu. Kona yotsatiridwa ndi msewu wautali wowongoka ndiyo yoyamba kuikonza, chifukwa liwiro limene mwatuluka nalo mumayenda nalo mtunda wonsewo. Kilomita imodzi pa liwiro la 200 imatenga masekondi 18.00, pa 202 imatenga 17.82. Kusiyana kwa makilomita awiri okha pa ola kwabweretsa 0.18. Ndiye pa kona yotere lolani kulowa mofatsa, chedwetsani apex pang'ono, galimoto iwongoke msanga, moto muupereke kamodzi osabwezanso mwendo. Ngati mwaponda moto, mwabweza, mwapondanso, ndiye kuti munayamba msanga kwambiri. Maso nawo aziyenda patsogolo pa galimoto: poponda mabuleki akhale ali kale pa apex, pofika pa apex akhale ali kale potulukira.

Kuti mudziwe kona yoyenera kuikonza, musadalire mmene mukumvera. Lap imene imamveka yothamanga, matayala akulira ndipo manja ali kalikiliki, kawirikawiri ndi yochedwa. Tsegulani telemetry, mizere yosonyeza zonse zimene galimoto yachita pa lap: pulogalamu ya MoTeC i2 imawerenga ma lap a masewera a Assetto Corsa Competizione, Garage 61 imachita zomwezo ku iRacing. Fananizani lap yanu ndi ya munthu wokuposani ndi sekondi imodzi kapena imodzi ndi theka, pa galimoto yomweyo, nyengo yofanana. Lap ya katswiri wokuposani ndi masekondi anayi imasiyana nanu paliponse, moti simudziwa poyambira. Mizere itatu yokha ndiyo muyang'ane poyamba: liwiro, mabuleki, moto. Funsani mafunso anayi pa kona imene mwataya nthawi yambiri. Iye wayambira pati kuponda? Waponda mwamphamvu bwanji? Liwiro lake lotsikitsitsa ndi lotani ndipo lafika pati? Moto wonse waupereka pa mita iti? Kawirikawiri mupeza kuti waponda pamalo amodzimodzi ndi inu, mwinanso msanga pang'ono kuposa inu, koma wachotsa mwendo mosalala ndipo wadutsa pakati pa kona ndi liwiro lokulirapo.

Nthawi ya mphindi 45 ingagawidwe motere. Mphindi zisanu za mapedulo zija. Ma lap asanu ofatsa otenthetsa matayala ndi maso. Mphindi 20 pa kona imodzi yokha, ndi cholinga chimene mungachinene m'chiganizo chimodzi, monga "ndichotse mabuleki pang'onopang'ono mpaka pa kerb ya mkati." M'gawo limeneli zimitsani delta, kanambala kaja kobiriwira ndi kofiira kosonyeza ngati muli patsogolo kapena pambuyo pa lap yanu yabwino. Kamachititsa munthu kutaya lap ikangofiira, ndiponso kubwerera ku chizolowezi chakale, chifukwa njira yatsopano imayamba ndi kuchedwetsa isanafulumizitse. Mu iRacing muli Active Reset, imene imakubwezerani pamalo amene mwasankha ndi liwiro lomwelo, choncho kona imodzi mungaibwereze kambirimbiri osazungulira msewu wonse. Mphindi zotsalazo, yendani ma lap 10 otsatizana osatuluka mumsewu, onse akhale mkati mwa 0.3 ya sekondi. Mukatuluka pa lap yachisanu ndi chiwiri, yambiraninso kuwerenga. Muyeso weniweni wa luso lanu ndi nthawi ya pakatikati ya ma lap khumiwo, osati lap imodzi yamwayi. Pomaliza lembani mizere itatu: chimene munayesa, chimene chinachitika, chimene muyambire mawa.

Mukaona kuti mwalakwitsa malo amodzimodzi katatu motsatizana ndipo manja afinya chiwongolero, imani. Luso la thupi limakhazikika munthu akagona, n'chifukwa chake mphindi 45 masiku anayi zimaposa maola atatu a tsiku limodzi.

Za setup, makonzedwe a galimoto, ndinena mwachidule: isiyeni mpaka ma lap khumi aja atatheka. Ngati nthawi zanu zikusiyana ndi sekondi yathunthu, simungadziwe ngati kusintha kwa sipuling'i kwathandiza kapena mwangoyenda lap yabwino. Chokhacho choyenera kukonza kuyambira pachiyambi ndi mpweya wa m'matayala. Mu Assetto Corsa Competizione, matayala a GT3 a msewu wouma amafuna 26 mpaka 27 psi (muyeso wa mpweya) atatentha, ndipo muyeze pakatha ma lap atatu kapena anayi, osati potuluka m'garaja. Nyengo ikazizira mpweya umatsika, choncho setup ya masana siigwira chimodzimodzi usiku.

Lap ya wekhawekha, mafuta ochepa, msewu wopanda munthu, si mpikisano. Lita imodzi ya petulo imalemera pafupifupi makilogalamu 0.75, ndiye malita 100 ndi makilogalamu 75 owonjezera, ndipo malo anu oponderapo mabuleki amabwerera m'mbuyo. Matayala ozizira a lap yoyamba amawabwezanso m'mbuyo kwambiri. Kamodzi pa sabata dzazani thanki, yambani ndi matayala ozizira, muyende utali wonse wa mpikisano osayambiranso ngakhale mutazungulira. Yesereraninso kudutsa kona iliyonse mbali yolakwika: ma lap asanu mukulowera mkati ngati mukutchinga mnzanu, ma lap asanu mukudutsa kunja ngati pali galimoto pambali panu, mukusiya mpata wokwana galimoto imodzi. Kulowera mkati kumapanikiza kona, choncho liwiro lolowera liyenera kutsika ndipo mabuleki ayambe msanga. Ambiri amazindikira zimenezi koyamba ali pakati pa magalimoto 20, ndipo mu iRacing kugundana ndi galimoto ina kumalembedwa ngati mapointi a chilango 4x, kuzungulira 2x, kutuluka mumsewu 1x, zonse zikudya Safety Rating yanu, nambala yosonyeza mmene mumayendetsera mosamala. Mukamatsatira galimoto ina pafupi, bolodi yanu ya 150 imabisika kuseri kwake, ndiye pa kona iliyonse yofuna mabuleki amphamvu khalani ndi chizindikiro chachiwiri chapambali kapena chapamwamba, ndipo pondani mamita 10 msanga kuposa masiku onse mpaka mutadziwa pamene mnzanuyo amapondera.